Kompyuta ikuyaka koma sikirini ili bii: ndingadziwe bwanji mtundu wa motherboard yanga?

Mayi wa ku Kapata, Lolemba m'mawa

Moni nonse a m'gulu lino. Kawirikawiri ndimangowerenga zimene mumakambirana, koma lero ndabwera ndi vuto langa. Ndili ndi kashopu kotayipa ndi kusindikiza makalata pafupi ndi msika wa Kapata kuno ku Chipata, ndipo kompyuta imene ndimadalira pa ntchitoyi yakana kuyambira Loweruka madzulo. Ndikadina batani, kanyali kakutsogolo kamayaka ndipo mafani amazungulira monga mwa masiku onse, koma sikirini imangokhala bii, kenako imalemba mawu akuti No Signal. Monita ndaiyesa pa kompyuta ya mnzanga wa shopu yoyandikana nayo ndipo ikugwira bwino, chingwe chakenso chilibe vuto. Mlongo wanga amene ali ku Lusaka akuti mwina motherboard, bodi yaikulu ya m'kati imene zipangizo zonse zimalumikizidwapo, yapsa, ndipo walonjeza kundigulira ina n'kuitumiza pa basi, koma akufuna ndimuuze dzina ndi nambala yake. Kutsogolo kwa bokosi kwalembedwa HP, ndipo zimene ndikudziwa n'zomwezo basi. Chonde ndithandizeni, chifukwa aphunzitsi awiri anandisiyira mayeso oti ndiwatayipire sabata ino ndipo sindikufuna kuwakhumudwitsa.

Wophunzira wa ku Lundazi

Pepani amayi chifukwa cha vutoli. Njira yachidule imene tinaphunzira ndi iyi: dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani msinfo32, ndipo patsamba limene litseguke yang'anani mizere yolembedwa BaseBoard Manufacturer ndi BaseBoard Product. Mzere woyamba umatchula kampani imene inapanga bodi, wachiwiri umatchula mtundu wake. Palinso kapulogalamu kaulere kotchedwa CPU-Z, kamene kamaonetsa zomwezo pansi pa mutu wakuti Mainboard.

Mphunzitsi wa ku Katete

Mng'ono wanga wa ku Lundazi, zimene mwalemba n'zoona ndipo ndi bwino kuti aliyense azisunge, koma amayiwa anena kuti sikirini siikuonetsa kanthu, choncho alibe poti alembepo mawu amenewo. Njira imeneyo imathandiza kompyuta ikadali yamoyo.

Amayi, ine ndimayang'anira chipinda cha makompyuta pasukulu pathu, ndipo ambiri mwa makompyuta athu ndi a HP Compaq akale a m'maofesi. Makina amenewa akalephera kuyamba amanena okha pamene pakupweteka: kanyali ka batani kamasanduka kofiira n'kumaphethira, ndipo nthawi yomweyo amalira. Akalira kasanu, n'kupuma pang'ono, n'kubwerezanso, vuto limakhala la RAM, timatabwa timene kompyuta imasungirapo zimene ikugwira pa nthawiyo. Akalira kasanu ndi kamodzi, vuto limakhala la mbali yotulutsa zithunzi, ndipo akalira kanayi timakayikira power supply, kabokosi kogawa magetsi m'kati mwa kompyuta. Tandiuzeni, kodi yanu ikulira kangati, nanga kanyaliko kakuoneka kotani? Ponena za nambala imene mlongo wanu akufuna, mabodi a HP amakhala ndi kapepala koyera komatidwa, kokhala ndi manambala asanu ndi limodzi, kamzere, kenako manambala atatu, amene kawirikawiri amakhala 001. Ogulitsa amafuna nambala imeneyo.

Mayi wa ku Kapata

Zikomo aphunzitsi. Siikulira ngakhale kamodzi, ndipo sindikukumbukira kuti inalirapo chiigulireni. Kanyaliko ndi kobiriwira ndipo sikakuphethira.

Mmisiri wa ku Down Shops

Amayi, choyamba muwauze alongo anu kuti ayambe adikira, asagule kanthu lero. Kuthamanga si kufika. Pa makompyuta amene anthu amandibweretsera akuti bodi yapsa, ambiri ndimawabweza kwa eni ake ndi bodi yomweyo, vuto litapezeka pena.

Chachiwiri, dzina la pa bokosi musalikhulupirire msanga. Makompyuta ambiri amene tikugwiritsa ntchito kuno kum'mawa anadutsa m'manja ambiri asanatifike, ena kudzera ku Lusaka, ena kudzera pa Mwami kuchokera ku Lilongwe, ndipo amisiri anzanga amakonda kutenga bokosi labwino la kompyuta yakufa n'kuikamo bodi ya kampani ina. Zimenezi si zachinyengo ayi, ndi mmene timapulumutsira zipangizo, koma zotsatira zake n'zakuti bokosi limanena zina pamene m'kati muli zina. Mawu anu akuti kanyali ndi kobiriwira ndipo makinawo sanalirepo chiwagulireni akundipatsa maganizo akuti mwina m'katimo mulibe bodi ya HP n'komwe.

Chitani motere. Zulani chingwe cha magetsi kukhoma, osati kungozimitsa pa switchi. Dinani batani loyatsira ndi kuligwira kwa masekondi ngati khumi kuti magetsi otsalira athe. Masulani timasikulu tiwiri ta kumbuyo, kokerani chitseko cha m'mbali cham'mbuyo, ndipo goneketsani bokosilo patebulo. Musanakhudze chilichonse m'kati, gwirani kaye chitsulo cha bokosi ndi dzanja kuti magetsi a m'thupi achoke. Kenako unikani ndi tochi ya foni ndipo mutilembere mawu onse amene mukuona, ngakhale amene akuoneka ngati opanda ntchito.

Mkulu wa ku Petauke

Ndalemekeza nonse. Ine ntchito yanga inali ya magetsi a m'nyumba, choncho ndilankhula za mbali imene ndikuidziwa. Mwana wanga, kabokosi kachitsulo kamene chingwe cha kukhoma chimalowamo, kamene anzanu akukatchula kuti power supply, usakatsegule ngakhale pang'ono, chifukwa muli zipangizo zimene zimasunga magetsi oopsa ngakhale chingwe chitazulidwa. Ungoyang'ana kumbuyo kwake ngati kuli kaswitchi kofiira kolembedwa 115 ndi 230. Magetsi athu kuno ku Zambia ndi a 230, ndipo makina ena ochokera ku America amafika ali pa 115, kotero munthu akangowalumikiza amaphulika nthawi yomweyo. Yako yakhala ikugwira ntchito, choncho sindikukayikira zimenezo, koma ndanena chifukwa cha ena amene akuwerenga.

Funso langa ndi ili: kodi Loweruka magetsi anazima kapena kubwera mwamphamvu kompyuta ili chiyakire? Nanga kunali mvula ya mphenzi? Kuzungulira kwa fani si umboni wakuti power supply ili bwino, chifukwa fani imazungulira ngakhale magetsi atachepa mphamvu, pamene purosesa, ubongo wa kompyuta, imafuna magetsi okwanira ndiponso okhazikika.

Mayi wa ku Kapata, Lolemba masana

Zikomo bambo, kaswitchi kofiira kulibe, ndipo mvula sinagwe. Za magetsi sindingathe kunena, chifukwa Loweruka masana ndinali kumaliro ku Mchini ndipo pashopu ndinasiya mwana wa mkulu wanga.

Ndatsegula monga mwanenera amisiri. Fumbi lake ndi lochititsa manyazi, lofiira ngati la mumsewu wa kumsika, ndipo pa fani yaikulu lagwirana ngati thonje. Mawu amene ndaona ndi awa: pa fani yapakati palembedwa Intel. Pa tizitsulo tonyezimira ta kumbuyo, pamene timalowetsa zingwe, padindidwa mawu akuti Foxconn. Pali kachipangizo kakuda kakang'ono kolembedwa Realtek, kokhala ndi chizindikiro chonga nkhanu, ndi kena kokulirapo kolembedwa iTE. Pafupi ndi timatabwa tiwiri toimirira palembedwa DDR3. Kapepala koyera kamene ananena aphunzitsi sindinakaone. Kodi dzina lake ndi liti pa onsewa?

Wophunzira wa ku Lundazi

Ndikuganiza kuti ndi Foxconn, amayi, chifukwa kampani imeneyo inkapangira HP mabodi ambiri. Zikugwirizana ndi dzina la pa bokosi.

Mmisiri wa ku Down Shops

Mng'ono wanga, n'zoona kuti Foxconn inapangira HP mabodi, koma apa tisafulumire. Kampani yomweyo imapanganso tizitsulo ta malo olowetsa zingwe ndi masoketi a purosesa, n'kumagulitsa kwa makampani ena opanga mabodi, choncho dzina lake limapezeka pa mabodi a mitundu yambirimbiri. Zili ngati kuona dzina la kampani ya matayala pa galimoto n'kuganiza kuti ndiyo inapanga galimotoyo. Chimodzimodzinso Realtek, amene amapanga kachipangizo ka mawu ndi ka netiweki, ndi iTE, amene kachipangizo kawo kamayang'anira mafani, kutentha ndi kiyibodi yakale ija ya pulagi yozungulira. Mawu akuti Intel pa fani akungotiuza kuti purosesa ndi ya Intel.

Msampha wina umene wakola anthu ambiri ndi nambala yakuti N1996, imene imalembedwa pa mabodi a MSI. Munthu amaiona yalembedwa moonekera bwino, amaitumiza kwa wogulitsa, koma si dzina la bodi. Ndi nambala imene kampaniyo inalembetsera katundu wake ku Australia, ndipo ili pa mabodi awo ambirimbiri osiyanasiyana. Dzina lenileni la bodi ya MSI limayamba ndi MS ndi manambala anayi. Pa makompyuta a Dell timayang'ana kapepala ka mizeremizere kamene nthawi zambiri kamayamba ndi CN-0, ndipo zilembo zisanu zotsatira ndizo nambala ya chipangizocho, pamene a Lenovo amalemba FRU patsogolo pa nambala yawo.

Amayi, dzina limene tikufuna limasindikizidwa ndi utoto woyera pa bodi penipenipo, ndi zilembo zazikulu kuposa zina zonse. Malo ake kawirikawiri ndi pakati pa fani ya purosesa ndi mpata wautali wopingasa umene timalowetsamo khadi ya zithunzi, kapena m'mbali mwa mipata ya RAM. Ndikukhulupirira kuti fumbi lalikwirira. Tengani burashi yopentera yatsopano, youma, yofewa, ndipo sesani pang'onopang'ono. Musagwiritse ntchito nsalu yonyowa, ndiponso musapemerere ndi pakamwa, chifukwa mpweya wa m'kamwa umanyamula chinyezi. Mukalipeza, yang'ananinso m'makona a bodi, makamaka ya m'munsi chakumanzere, ngati muli timawu ting'onoting'ono toyamba ndi REV.

Mayi wa ku Kapata

Ndalipeza! Linali pamalo omwe mwanenawo, pansi pa fumbi ndi mawaya amene ndawasuntha pang'ono. Palembedwa GIGABYTE, ndipo pafupi pake GA-H61M-DS2. Pakona ndaona REV: 1.0, ndipo kuti ndiwerenge bwino ndachita kujambula ndi foni n'kukulitsa chithunzicho. Zaka zonsezi ndimauza anthu kuti ndili ndi HP.

Mphunzitsi wa ku Katete

Ngati zili choncho, amayi, muiwale zonse zimene ndinalemba za kulira kasanu ndi kanyali kofiira, chifukwa zimenezo ndi za mabodi a HP ndipo sizikukhudza yanu. Ndavomereza kuti ndinatsata dzina la pa bokosi osafunsa. Chimene chikundiopsa n'chakuti alongo anu akanagula bodi ya HP ya mtundu umene tili nawo kusukulu, ikanafika kuno n'kukana kulumikizika, chifukwa mabodi a HP Compaq 8200 Elite ndi anzake amalandira magetsi kudzera pa mapulagi ang'onoang'ono a timapini tisanu ndi kamodzi, pamene bodi wamba ngati yanu imafuna pulagi yaikulu ya timapini 24. Ndalama ya bodi ndi ya basi zikanapita pachabe, ndipo kubweza katundu ku Lusaka, mtunda woposa makilomita 500, si nkhani yapafupi.

Mmisiri wa ku Down Shops

Tsopano tili ndi poyambira. Bodi imeneyi ndikuidziwa bwino: ili ndi chipset ya Intel H61, soketi ya LGA1155, ndi mipata iwiri ya RAM ya mtundu wa DDR3. Siyodula ndipo ndi yolimba ndithu. Chifukwa chimene sinalirepo n'chakuti mabodi otere amafuna kasipika kakang'ono kakuda, kozungulira ngati batani la jekete, kolumikizidwa pa timapini ta m'munsi chakumanja pamene pamalowa mawaya a batani loyatsira. Amene anakumangirani kompyutayi sanakaike. Funsani mnzanu wa shopu yoyandikana nayo ngati kompyuta yake ili nako, mubwereke kwa ola limodzi, ndipo mukalowetse pamene palembedwa SPEAK.

Mukatero, yesani zinthu zitatu motsatana, ndipo nthawi iliyonse muzizula chingwe kukhoma musanagwire m'kati. Poyamba chotsani RAM yonse pokankhira kunja timakutu ta kumapeto kwa mipata, kenako yatsani. Bodi yamoyo yokhala ndi purosesa imene ikuizindikira imalira mobwerezabwereza podandaula kuti RAM palibe, ndipo kulira kumeneko ndi nkhani yabwino. Ikalira, pukutani timano tagolide ta RAM ndi rabala yofufutira pensulo, bwezerani imodzi yokha mpaka imveke kuti thapu mbali zonse ziwiri, n'kuyesanso. Chachitatu, chotsani batire lozungulira longa ndalama yachitsulo, lolembedwa CR2032, dikirani mphindi zisanu, libwezereni mbali ya chizindikiro cha + ili pamwamba. Zimenezi zimafufuta zonse zimene zinasinthidwa mu BIOS, pulogalamu ya pa bodi imene imadzutsa kompyuta.

Koma pali funso limene ndimafunsa aliyense wobwera pashopu panga, ndipo ndikufunsani inunso: kodi n'chiyani chinasintha pakati pa nthawi yomaliza imene kompyutayi inagwira bwino ndi nthawi imene inakana? Mwanena kuti Loweruka munasiya mwana pashopu. Mufunseni mofatsa, osamukalipira, chifukwa mwana akaopa amabisa chinthu chimene chikanatifupikitsira ulendo.

Mkulu wa ku Petauke

Ndikugwirizana ndi amisiri, koma ndikuonjezera kuti ngati pali wina pafupi amene ali ndi mita yoyezera magetsi, ayeze pa pulagi yaikuluyo makina ali chiyakire. Waya wakuda ndiye poyambira. Wachikasu ayenera kuonetsa mavoti 12, wofiira 5, wa olenji 3.3, ndipo kusiyana kololedwa ndi magawo asanu pa zana lililonse, kutanthauza kuti wachikasu asatsike kupitirira 11.4. Batire lija likakhala latsopano limaonetsa mavoti atatu kapena kuposerapo pang'ono. Ndimaumirira zimenezi chifukwa ndaona anthu akusintha zipangizo zodula pamene cholakwa chinali magetsi ofooka.

Mayi wa ku Kapata, Lolemba usiku

Abale anga, nkhani yatuluka. Kasipika ndinabwereka, RAM ndinachotsa, koma makina sanalire ngakhale pang'ono. Batire ndinachotsa n'kubwezera, osasintha kanthu. Mnyamata wina wokonza mafoni anabwera ndi mita ndipo waya wachikasu anaonetsa 12.1, wofiira 5.0, choncho bambo a ku Petauke mtima ukhale pansi.

Madzulo ndinakhala pansi ndi mwana uja pakhonde. Ndi mwana wa mkulu wanga, koma ndinamulera ndine ndipo ndimangoti mwana wanga. Nditamufunsa mofatsa monga munandilangizira, anayamba kulira, n'kunena kuti wakhala akusunga tindalama take kuti andigulire purosesa yamphamvu, chifukwa amandiona ndikudandaula kuti kompyuta imachedwa ndikatsegula zithunzi za makhadi a ukwati. Anaigula kwa mnzake amene anamutsimikizira kuti ilowa, ndipo Loweruka ine ndili kumaliro anaisintha kuti ndidzadabwe pobwera. Itakana kuyamba anachita mantha, anatseka bokosi n'kukhala chete. Yakale anaikulunga m'pepala n'kuibisa m'kabati ya ma envulopu. Ndaiwerenga: yalembedwa i3-2100. Imene ili m'kati akuti ndi i5-3470. Kodi waononga bodi?

Wophunzira wa ku Lundazi

Koma apa ndasokonezeka, akuluakulu. Mapurosesa onse awiriwa ndi a soketi imodzi ya LGA1155, ndipo ndaonapo i5-3470 ikugwira ntchito pa bodi ya H61. N'chifukwa chiyani yakana pamenepa? Kodi sizikutanthauza kuti mnyamatayo anagulitsidwa purosesa yakufa?

Mmisiri wa ku Down Shops

Funso lanu ndi labwino, mng'ono wanga, ndipo ndi chifukwa chake tinavutikira kufufuza dzina la bodi ndi timawu ta pakona tija. Purosesa ya i3-2100 ndi ya m'badwo wachiwiri wa Intel Core, umene umatchedwa Sandy Bridge, ndipo unatuluka mu 2011. Ya i5-3470 ndi ya m'badwo wachitatu, Ivy Bridge, umene unatuluka mu 2012. Yonse imalowa pa soketi imodzi, koma kulowa kokha sikukwanira. Kompyuta ikangoyatsidwa, pulogalamu yoyamba kugwira ntchito ndi BIOS, imene imakhala m'kachipangizo ka pa bodi, ndipo ntchito yake yoyamba ndi kudzutsa purosesa ndi RAM. BIOS imene inalembedwa m'badwo wachitatu usanatuluke siidziwa kadzutsidwe ka purosesa ya m'badwo umenewo. Zikatero magetsi amalowa, mafani amazungulira, koma palibe chimene chimayamba, ndipo ngakhale kulira kodandaula za RAM sikumveka chifukwa woti alamule kasipika kulira sanadzuke. Zizindikiro zimene amayi afotokoza zikugwirizana ndendende ndi zimenezi. Mabodi a H61 amene munawaona akugwira ndi i5-3470 ndi amene anapangidwa pambuyo pake, kapena amene BIOS yake inasinthidwa kale.

Bodi ya amayiyi inatuluka kangapo pansi pa dzina lomwelo, ndipo kutuluka kulikonse kuli ndi nambala yake ya REV ndi tsamba lake kwa Gigabyte. Yawo ndi 1.0, kutanthauza kuti ndi ya kutuluka koyamba, choncho mpata ndi waukulu wakuti BIOS yake ndi yakale. Sindikukana kuti purosesa yogulidwayo ikhoza kukhala yakufa, koma zimenezo tidzaziona pambuyo.

Amayi, bodi siionongeka chifukwa chongoikidwa purosesa imene siikuidziwa. Choopsa chili pa manja a woikayo. Pa soketi imeneyi timapini tili pa bodi, osati pa purosesa, tilipo 1155, ndi tosalimba ngati tsitsi, ndipo kamodzi kakapindika kompyuta ikhoza kukana kuyamba kapena kukana kuona RAM. Bwezerani yakale motere, mawa kukacha kuti muziona bwino. Fani ili ndi timiyendo tinayi takuda: tembenuzani kalikonse motsata muvi wojambulidwa pamwamba pake, kokerani m'mwamba, ndipo nyamulani faniyo mowongoka mutazula kawaya kake. Kanikizani kandodo kachitsulo ka pambali pa soketi, kakankhireni kunja kuti kamasuke, ndipo chivundikiro chidzatseguka. Nyamulani purosesa poigwira m'mbali, osaikhulula. Unikani timapini ndi tochi mopendeketsa: tikakhala bwino timanyezimira mofanana ngati mizere ya m'munda wolimidwa bwino, ndipo kopindika kamaonekera msanga chifukwa kamanyezimira mosiyana ndi tinzake. Musatikhudze ndi chala kapena burashi. Purosesa yakale ili ndi timipata tiwiri m'mbali ndi kachizindikiro ka makona atatu pakona imodzi, ndipo imakhala pansi yokha ikalunjika bwino, popanda kuikanikiza. Pukutani phala lakale lotuwa pamwamba pake ndi pansi pa fani, ikani latsopano lochepa ngati njere ya mpunga, ndipo pobwezera fani bwezani timiyendo mmene tinalili, n'kumakanikiza tiwiri toyang'anizana pa nthawi imodzi. Phalalo okonza mafoni ndi makompyuta amakhala nalo.

Mphunzitsi wa ku Katete

Ndikupempha kuti mwanayo akhalepo pamene mukuchita zimenezi, ndipo ngati manja ake sakunjenjemera, achite yekha inu mukumuwerengera malangizo a amisiri. Ana ambiri amene ndimaphunzitsa amaopa ngakhale kutsegula bokosi. Uyu anafika pochotsa fani ndi kusintha purosesa, ndipo chimene chinamusowa ndi munthu womuuza kuti ayambe wawerenga dzina la bodi.

Mayi wa ku Kapata, Lachiwiri m'mawa

Yayaka! Tinadzuka m'mamawa, tinaika tebulo pafupi ndi khomo kuti kuwala kulowe, ndipo mwana wanga anachita zonse ine ndikuwerenga pa foni. Timapini tonse tinali chilili. Kamwendo kamodzi ka fani kanavuta kulowa mpaka tinakatembenuza kachiwiri. Titayatsa, kasipika kanalira kamodzi kokha mwachidule, dzina la Gigabyte linaoneka pa sikirini, ndipo Windows inatseguka ndi mafayilo anga onse ali momwemo. Tsiku ndi nthawi zinali zolakwika, ndipo ndaganiza kuti n'chifukwa cha batire lija tinachotsa, choncho ndazikonza.

Mng'ono wanga wa ku Lundazi, njira yanu ija ndaiyesa tsopano. Pa BaseBoard Product palembedwa H61M-DS2, ndipo pa mzere wa BIOS pali chaka cha 2011. Alongo anga ndawaimbira kuti asagule bodi. Funso latsala ndi lakuti, kodi purosesa ya mwanayu tiitaye, kapena pali njira yoti igwire ntchito?

Mmisiri wa ku Down Shops

Ndasangalala kwambiri, amayi. Kulira kamodzi mwachidule ndiko kumasonyeza kuti zonse zili bwino, ndipo chaka cha 2011 chatsimikiza zimene tinkaganiza. Purosesayo musaitaye. Patsamba la Gigabyte, pansi pa dzina la bodi yanu ndi REV yake, pali mndandanda wa mapurosesa amene imalandira, ndipo pambali pa iliyonse amalemba BIOS yoyambira imene imafunika. Ngati i5-3470 ili pamndandanda wa 1.0, timatsitsa fayilo ya BIOS ya tsamba lomwelo, kuiika pa fulashi yokonzedwa mwa FAT32, ndi kuilowetsa kudzera pa Q-Flash, kapulogalamu ka Gigabyte kosinthira BIOS, kamene kamatseguka ukadina batani la End kompyuta ikungoyamba. Ntchitoyi imachitika purosesa yakale ili m'kati, chifukwa yatsopanoyo siingadzutse makina. Fayilo ya REV ina, ngakhale dzina la bodi likhale lomwelo, siiyenera kulowetsedwa. Phindu lake lilipo: i3-2100 ili ndi mitima iwiri, kutanthauza zigawo zogwira ntchito nthawi imodzi, pamene i5-3470 ili ndi inayi, ndipo kusiyanako kumamveka pa ntchito ya zithunzi.

Mkulu wa ku Petauke

Apa ndisiyana nanu pang'ono, amisiri. Magetsi akazima BIOS ili m'kati molembedwa, bodi ikhoza kufa zenizeni, ndipo tonse tikudziwa mmene magetsi amazimira mosachenjeza. Mwana wangayu ali ndi mayeso a anthu oti atayipe. Chinthu chimene chikumudyetsa chabwerera m'malo mwake, ndipo ine ndikanakonda achisiye choncho. Ngati n'kofunikadi kusintha, zichitikire pamalo pamene pali UPS, kabokosi ka batire kopitiriza kupereka magetsi akazima, kapena inveta ya sola yokhala ndi batire lodzaza, osati pa soketi ya kukhoma yokha.

Mphunzitsi wa ku Katete

Ine ndili pakati. Kusukulu kwathu chimene chinasintha kwambiri liwiro la makina a msinkhu umenewu si purosesa, koma kuchotsa hard disk yozungulira n'kuika SSD, chosungira mafayilo chachangu chopanda zozungulira, ndiponso kukweza RAM kufika pa 8GB. Bodi ya H61 ili ndi SATA ya liwiro la 3Gb/s lokha, komabe SSD imaposa hard disk kutali ngakhale pamenepo. Ngati alongo anu anali atakonza kale ndalama ya bodi, ndingawapemphe kuti agule zimenezi, ndipo muwauze momveka kuti RAM ikhale DDR3 ya kompyuta ya patebulo, osati ya laputopu ndiponso osati DDR4, chifukwa kampata ka pa timano take kali pamalo osiyana ndipo siingalowe.

Mayi wa ku Kapata

Ndamva malangizo onse ndipo ndathokoza kuchokera pansi pa mtima. Sabata ino sindikhudzanso kanthu mpaka mayeso a aphunzitsi aja nditawapereka Lachisanu. Mafayilo a makasitomala ndawakopera kale pa fulashi. Alongo anga avomera kugula SSD ndi RAM, ndipo ndawatumizira chithunzi cha dzina la bodi ndi cha kapepala ka pa RAM imene ilimo. Amisiri, ngati pashopu panu pali inveta, ndikufuna kubwera ndi makinawa Loweruka pamodzi ndi mwana wanga, chifukwa ndi ndalama yake imene ili mu purosesa ija ndipo akufunitsitsa kuona mapeto ake.

Mmisiri wa ku Down Shops

Inveta ilipo, amayi, bwerani m'mawa dzuwa litakwera kuti batire likhale lodzaza. Bweretsani bokosi lokha, monita ndi kiyibodi ndili nazo. Purosesa yakale ikhale m'kati momwemo, ndipo yatsopanoyo muiike m'kabokosi kakang'ono, yokulungidwa m'pepala louma, mbali yagolide isakhudzidwe ndi zala. Mndandanda uja tidzauwerengera limodzi ndi mnyamatayo tisanatsitse fayilo iliyonse. Kasipika ka mnzanu mukabweze lero, ine ndili nato tingapo m'kabati ndipo ndidzakuikirani kanu.